Tsiku limodzi mu laibulale yaikulu ya New York

M'mawa, zitseko zisanatsegulidwe, anthu amakhala atadzaza kale masitepe a laibulale yaikulu ya New York, pamphambano ya Fifth Avenue ndi 42nd Street. Uku ndi uku kwagona mikango iwiri yosema pamwala. Meya Fiorello La Guardia ndiye anaitcha Patience ndi Fortitude m'zaka za m'ma 1930, ntchito zitasowa, pofuna kulimbitsa anthu mtima.

Nthawi ikati 10 koloko, khamu lonse khwekhwerere kulowa. Alendo amaima kukamwa kuli yasa poona nsanamira ndi makoma oyera a miyala yochokera ku Vermont. Kale pamalopa panali chidziwe chomangidwa, Croton Reservoir, chosungira madzi a mzinda. Atachigumula, anaika mwala wa maziko mu 1902, ndipo nyumbayi, yomwe mapulani ake anajambula John Carrère ndi Thomas Hastings, inatsegulidwa mu 1911.

Ozolowera sachedwa pansi. Amakwera mpaka pamwamba, ku chipinda chachikulu chowerengera, Rose Main Reading Room. Nzeru imeneyi inali ya John Shaw Billings, mkulu woyamba wa laibulaleyi: wowerenga akhale kumwamba, kowala, kutali ndi phokoso la mumsewu, mabuku akhale pansi pake.

Dzuwa likafika paliwombo, mipando yatha. Pamatebulo aataliatali, pansi pa denga lojambulidwa mitambo, wophunzira wakhala pambali pa gogo wofufuza mbiri ya makolo ake. Patsogolo pawo wina akulemba kalata yofunsira ntchito. Wofuna buku amangoitanitsa. Ambiri mwa mabukuwa amasungidwa pansi pa nthaka, kunsi kwa Bryant Park, komwe nthawi yomweyo anthu akudya nkhomaliro pa udzu. Tingolo tofiira toyenda panjanji ndi timene timawakweza. Buku la muno silipita kunyumba, umawerengera pomwepo.

Chakumadzulo antchito amayamba kutolera mabuku, anthu akutsika mmodzimmodzi. Tsiku lonse palibe amene walipira pakhomo kapena kufunsidwa kuti analekeza pati sukulu. Laibulaleyi inayamba mu 1895 pamene anaphatikiza malaibulale a Astor ndi Lenox ndi chuma chimene anasiya Samuel Tilden, mzinda n'kupereka malo ndi ndalama zomangira. Anamanga ngati nyumba ya mfumu, koma anamangira munthu wamba, ndipo ulemu wotere mzinda uliwonse uyenera kupatsa anthu ake.