Kodi Chidole Chosamva Chingakhale Ngwazi?

M'chaka changa chachitatu cha uphunzitsi ndidapeza kabuku kakale m'kabati ya pasukulu, ndipo ndidayamba kuwawerengera ana a Fomu 2 Lachisanu lililonse masana. Kabukuko kanali ka Pinocchio, chidole chosemedwa pamtengo, nthano yomwe adalemba Carlo Collodi wa ku Florence, m'dziko la Italy. Titamaliza, mtsikana wina adaimika dzanja nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi Pinocchio ndi ngwazi?" Ndidayankha mosaganiza kawiri kuti ayi, ndi mwana wosamva chabe. Yankho limenelo landivutitsa mumtima kwa zaka zambiri.

Zifukwa zokanira ndidali nazo. Pinocchio atangosemedwa miyendo adamuthawa Geppetto, nkhalamba yosauka yomwe idamusema, ndipo pa chipwirikiti chimenecho Geppetto ndiye adatsekeredwa m'ndende. Nkhululu itamulangiza, iye adaigenda ndi nyundo naipha. Nkhalamba ija idagulitsa jekete lake m'nyengo yozizira kuti imugulire buku la kusukulu, koma iye adagulitsa bukulo kuti akaonere sewero la zidole. Nkhandwe ndi Mphaka adamupusitsa namulanda ndalama zagolide. Adanama mpaka mphuno idatalika, adathawa sukulu mpaka adasanduka bulu. Ngakhale mlembi mwini, pamene nthanoyi inkatuluka m'nyuzipepala ya ana mu 1881, adaithetsa pa mutu 15 Pinocchio atapachikidwa pamtengo. Owerenga ndiwo adaumirira kuti ipitirire, ndipo buku lathunthu la mitu 36 lidatuluka mu 1883.

Komatu pali zina zomwe ndidazidumpha tsiku lija. Ku sewero kuja, mwini zidole, Mangiafuoco, adafuna kuponya pamoto chidole china chotchedwa Arlecchino kuti nyama yake ipse. Pinocchio adagwada napempha kuti aponyedwe iyeyo, mnzakeyo apulumuke. Pambuyo pake adapulumutsa galu yemwe ankamuthamangitsa, atamuona akumira m'nyanja. Kumapeto adatulutsa Geppetto m'mimba mwa chinsomba, namubereka kumsana nkusambira naye usiku. Atafika kumtunda adagwira ganyu kwa miyezi isanu, kutunga ndowa 100 za madzi tsiku lililonse, malipiro ake kapu imodzi ya mkaka wa bambo ake odwala.

Amene adanditsegula maso adali mnyamata wina wa m'kalasi lomwelo, yemwe dzina lake sinditchula. Ameneyu adali mutu wa phokoso lonse. Kuchedwa kudali kwake, kuba nzimbe m'dimba la eni kudali kwake, ndipo mawu a mphunzitsi aliyense ankawatsanzira mpaka kalasi lonse kugwa ndi phwete. Tsiku lina mu Febuluwale mvula idagwa yamkuntho, ndipo kamtsinje ka kuseri kwa sukulu kadasefukira. Ana aang'ono asanu ndi mmodzi a kupulayimale adatsakamira pa kachilumba ka mchenga, madzi akukwera. Ine ndidaima pagombe pamodzi ndi atsogoleri a ophunzira, tikukambirana zokaitana anthu kumudzi. Mnyamata uja sadafunse munthu. Adavula malaya nalowa m'madzi ofika m'chifuwa, ndipo adawolotsa anawo mmodzimmodzi kumsana.

Mungaganize kuti adasintha kuyambira tsiku limenelo. Ayi ndithu. Sabata ziwiri zisanathe adagwidwanso ndi nzimbe. Teremu yotsatira aphunzitsi tidagwirizana zomuchotsa sukulu, ndipo ine ndidasaina nawo kalatayo. M'kalatamo tidandandalika zolakwa zake zonse, koma za kumtsinje kuja sitidalembemo ngakhale liwu limodzi.

Lero ndikuona kuti ndidasokoneza zinthu ziwiri, ngwazi ndi munthu wachitsanzo. Wachitsanzo timamudziwa ndi khalidwe lake la tsiku ndi tsiku. Ngwazi timaidziwa pa ola limodzi loopsa, pamene munthu aika moyo wake pachiswe chifukwa cha mnzake, mwayi wothawa ali nawo. Pa muyeso umenewu Pinocchio ndi ngwazi, ndipo adali kale ngwazi pamaso pa Mangiafuoco, akadali wabodza ndi wothawa sukulu. Kupupuluma komwe kudamugulitsitsa buku ndi komwenso kudamugwaditsa kuti afere mnzake. Ife oganiza mofatsa tidatsala pagombe.

Izi sizitanthauza kuti kusamva ndi chinthu chonyadira. Geppetto adazizidwa ndi kumangidwa chifukwa cha chidole chake, monganso mwini dimba uja adaluza nzimbe zake. Ungwazi sufafaniza mlandu. Nchifukwa chake Collodi sadamusandutse Pinocchio mwana weniweni atangotuluka m'nyanja. Adayamba wamutungitsa madzi miyezi isanu, pakuti kulimba mtima kwa tsiku limodzi nkopepuka poyerekeza ndi kupirira kwa tsiku ndi tsiku. Mnyamata wathu uja ife sitidamupatse miyezi isanu yakeyo.

Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Mnyamata uja nyimbo yake ankaidziwa, koma ife aphunzitsi ake sitidafune kuimva. Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ena makolo, ena oweruza milandu. Mukadzalemba zolakwa za mwana wovuta, mudzalembe zonse mosabisa, koma mudzasiyeko mzere wa zomwe adachita tsiku lomwe mtsinje udadzaza.