Gogodela ya ambuya ilibe fataki

Ife tinakulira mu Kalingalinga, ndipo kumudzi timapitako kamodzi pachaka. Basi ikawoloka mlatho wa Luangwa n'kudutsa Kacholola, m'pamene timakumbuka kuti ndife Ansenga. Kwathu ndi kwa mfumu Luembe m'boma la Nyimba, kufupi ndi West Petauke Game Management Area, kumene njovu zimadziwa minda ya anthu kupambana eni ake.

Chaka chatha, chimanga chitangoyamba kukhwima, amalume anatiimbira foni. Moni anali wachidule. "Ana anga, kumeneko ku Lusaka simungandipezereko fataki?" Tinayang'anana. Mmodzi wa ife anayesa kuti ndi dzina la mankhwala.

Fataki ndi kachisoti kamkuwa, kochepa ngati njere ya nyemba, kamene amaveka pakamlomo ka mfuti ya gogodela. Kanyundo ka mfuti kakamenya, kamathetheka n'kuyatsa onga. Zipolopolo za masiku ano zilinso ndi kanthu kotere kumatako kwake. Popanda iko mfuti ndi ndodo chabe. Ku America, mu 2020 ndi 2021, tinthu timeneti tinasowa m'masitolo chifukwa anthu anagula zipolopolo mopanikizana nthawi ya korona, ndipo alenje akumeneko analira pa intaneti ngati dziko latha. Kwathu fataki inasowa kale kwambiri, ndipo palibe analemba za izo.

Gogodela ya ambuya, imene amalume analandira, yakhala kudenga zaka zambiri ikudya mwaye. Ena m'midzi ya Nyimba ndi Petauke, fataki itasowa, anayamba kudzipangira zawo. Zotsatira zake timaziona pamaliro ndi pamowa: mdala wa zala zitatu, wina wa diso limodzi, chifukwa mfuti inaphulikira mwini wake.

Tinakana. Tinawauza za lamulo, kuti mfuti ndi zipolopolo zimafuna laisensi, kuti kuyambira 2016 za nyama zili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife m'malo mwa ZAWA, ndipo munthu akagwidwa ndi nyama ya m'tchire mlandu wake ndi wa ndende. Tinatchulanso COMACO, imene kuyambira 2003 imalandira mfuti ndi misampha kwa alenje n'kuwaphunzitsa ulimi. Chiponde chawo cha It's Wild! timachigula tokha mu Shoprite, ndiye tinalankhula ngati akatswiri.

Amalume anamvetsera mpaka tinamaliza. Kenaka anati safuna kupha njovu, gogodela singaigwetse n'komwe. Afuna phokoso loti ithawe. Anatifunsa ngati tinagonapo m'chilindo usiku, titagwira chitini ndi kamtengo, njovu zikuthyola mapesi pamtunda woti n'kuponyapo mwala. Palibe anayankha. Unga umene tinali kudya tsiku lomwelo unachokera m'munda womwewo, ndipo thumba lake linabwera pabasi popanda ife kulipira ngwee.

Sitinasinthe maganizo, ndipo lero akafunsanso tidzakananso, chifukwa tikufuna amalume a zala khumi amene sali m'ndende. Koma manyazi anatigwira. Tinasonkherana n'kutumiza tochi yaikulu ya sola ndi ndalama ya tsabola ndi oilo wakuda, zopaka pazingwe zozungulira munda. Iwo anathokoza mwaulemu, monga achitira akuluakulu pamene ana aphonya nkhani.

M'mwezi wa June thumba linafika pa Intercity. Linali la hafu.