Za Nyumba ya Ronan Point

Abale, pamene ndinali kuphunzira za uphunzitsi, anatiuza kuti nyumba iima cifukwa ca kulemera kwace. Ndinaphunzitsa ana comweco zaka zambiri, kufikira tsiku limene ndinawerenga mbiri ya Ronan Point, nyumba yosanja ya ku London.

Nyumbayo inali ya nsanja 22. Sanaimanga ndi njerwa monga ticita ife, koma anaumba makoma athunthu a simenti kwina, nadza nao, nawasanjikiza lina pa linzace. Pa 16 May 1968, mamawa, mai wina wa pa nsanja ya 18 anayatsa macesi kuti aphike tiyi. Koma gasi, ndiwo mpweya wophikira, unalikutuluka pa mfundo yoonongeka ya paipi, nudzaza m'cipinda, ndipo unaphulika.

Tsono mpweya wotere ukayaka ufutukuka m'kamphindi, nukankha mbali zonse pamodzi. Khoma lizolowera kusenza katundu wocokera kumwamba. Koma ukalikankha cam'mbali, cotsala colisunga ndi mfundo zace zokha. Mfundo za Ronan Point zinali zofoka, ndipo khoma lakunja linataika pabwalo. Zipinda za pamwamba zinasowa potsamira, zinagwa, ndi kulemera kwace kunathyola za m'munsi, kufikira ngodya yonse inatsika. Anthu 4 anafera pomwepo, ndi 17 anapwetekedwa. Cimene cinandizizwitsa ine ndi ici, cakuti mai uja anapulumuka. Kuphulikako sikunali kwakukuru ai.

M'caka ca 1970 a ku England anaika lamulo, kuti nyumba yaitali iime ngakhale khoma limodzi litacoka. Kapena khomalo lipirire kukankha kolingana ndi matumba a cimanga a makilogalamu 50 ngati 70, pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ndipo pophwasula Ronan Point mu 1986, anapeza kuti m'mfundo zina munalibe simenti yokwanira, koma manyuzipepala.

Ndili mnyamata ndinkaseka agogo, pakuti anacedwa masiku pomanga phaso ndi luzi, mtengo uliwonse kwa unzace. Ndinayesa nchito ya anthu osaphunzira. Koma caka catha, pomanga cipinda catsopano ca sukulu yathu, ndinaima pa ngodya tsiku lonse kupenya ngati njerwa zilumana. Mmisiri anatopa nane, nati, "Aphunzitsi, kodi ana alibe phunziro lero?"