Mlendo Agona Kuti mu Lilongwe?

Makolo adati safunsa adadya phula. Mau ameneŵa ndi oona, koma amalangiza mlendo yekha. Za munthu wofunsidwayo sanenapo kanthu. Nanga pakasoŵa womufunsa, mlendo atani? Pa zaka zimene ndakhala mu Lilongwe, funso limeneli lakhala likundivuta, pakuti tsiku ndi tsiku abale athu amatsika basi pa depoti ya mu Old Town osadziŵa kumene akagone ngakhale kumene akapeze nsima.

Mzinda wathuwu ngwovuta kwa mlendo chifukwa cha mamangidwe ake. Lilongwe adasanduka likulu la dziko mu 1975, kuloŵa m'malo mwa Zomba. Akatswiri okonza mapulani adasiya tauni yakale kumwera, namanga City Centre ndi Capital Hill chakumpoto, pakati pake pali nkhalango ya Lingadzi. Madera adaŵapatsa manambala, koma manambalawo satsata njira. Woganiza kuti Area 25 idayandikana ndi Area 24 ayenda mpaka mapazi kutupa, pakuti ina ili kumpoto cha ku Kanengo, inzake kumwera.

Tsono mlendo amakumana ndi mizinda itatu m'mzinda umodzi. Mu Old Town, cha ku mseu wa Malangalanga ndi kumsika, muli nyumba zogona alendo zotsika mtengo, nsima ya usipa kapena nyemba pa chiimirire, ndiponso chipisi cha pachiwaya. Koma momwemo mulinso phokoso, opisa m'matumba, ndi zipinda zina zimene kholo silingafune kuti mwana wake agonemo. Ku City Centre kuli maofesi, mabanki ndi mahotela aakulu; masana kumadzaza anthu, koma ofesi zikatsekedwa kumangoti zii. Ku Area 3, 9, 10 ndi 43 kuli bata ndi mitengo ya mthunzi, kulinso malo ogona okongola, koma mtengo wake mlimi sangaukwanitse, ndipo wogogoda pa geti amayankhidwa ndi mlonda kapena galu.

Si mizinda yonse idamangidwa chotere. Mu 1573 Mfumu Philip II ya ku Spain idakhazikitsa malamulo omangira mizinda yatsopano ku America: pakati pakhale bwalo lalikulu lotchedwa plaza, miseu iyambire pamenepo, ndipo tchalitchi, nyumba za boma ndi masitolo ziyandikane nalo. Ndiye chifukwa chake m'matauni akale a ku Mexico, Guatemala ndi Peru, mlendo wosadziŵa Chisipanishi angofunika mau amodzi okhawo, plaza. Akafika pabwalopo apeza anthu okhala pamabenchi, ndipo chapafupi apeza kogona ndi tinyumba todyeramo. Ku Mexico kulinso mwambo wa Las Posadas, ndipo posada ndiye nyumba yogona alendo. Kuyambira pa 16 mpaka pa 24 Disembala anthu amayenda khomo ndi khomo madzulo, kutsanzira Yosefe ndi Maria pofuna malo. Makomo oyamba amaŵakana, lomaliza limatsekuka, onse nkuloŵa kukadya. Chaka ndi chaka ana amaphunzira kuŵaŵa kwa kukanidwa ndi kukoma kwa kutsekuliridwa.

Ifenso bwalo tidali nalo. Kumudzi mlendo wodutsa ankamperekeza kwa amfumu, ankampatsa madzi asanamfunse kumene wachokera, ndipo mphasa inkapezeka. Lilongwe alibe bwalo lotero, choncho bwalo lake liyenera kukhala anthu. Ndaona kuti amene amagwira ntchito imeneyi kaŵirikaŵiri ndi osauka. Mayi wogulitsa tiyi ndiye amauza mlimi wobwera ndi fodya ku Kanengo nyumba imene ili ndi loko wolimba. Wodikirira wodwala pa chipatala cha Kamuzu Central ndiye amasendera kuti mnzake wofika kumene aikepo poto pamoto. Ife a m'mipanda ya njerwa timadutsa pa galimoto, magalasi otseka, ndipo palibe amene angatifunse. Komatu pamene anthu abwino sapezeka, mtsikana wodzafuna ntchito amayankhidwa ndi woipa, pakuti iyeyo nthaŵi yake amakhala nayo ndithu.

Sindikunena kuti tigwetse mipanda, pakuti akuba alipodi. Koma pali zina zimene banja lililonse lingathe. Mbale akamachokera kumudzi, tiyeni timuuze anyamuke m'mamaŵa kuti afike kusanade. Timuuze nambala ya dera pamodzi ndi chizindikiro chooneka, monga sukulu kapena msika, ndipo ngati nkotheka tikamchingamire padepoti. Wina akatiimitsa pamseu nati, "Pepani bambo, kogona kotchipa nkuti?", tisangoloza ndi chala, tiime, timuuze koyenera ndi kosayenera, ndiponso minibasi yoti akwere. Zimenezi zingatidyere mphindi zisanu zokha, koma kwa iyeyo nzimene zingampatse usiku wamtendere.