Tsiku Limodzi ku Nkhata Bay ndi Ana a ku Madrasa



Tsiku lina ndikuphunzitsa ku madrasa kuno ku Geisha za madzi amene timaloledwa kupangira udhu, ndidatchula madzi a mvula, a pachitsime, a mumtsinje ndi a m'nyanja. Kamnyamata kena ka zaka 9 kadakweza mkono n'kufunsa kuti, "Mwalimu, kodi nyanjayo ndi yaikulu kuposa damu la Lunyangwa?" Anzake adaseka, koma ine sindidaseke nawo. Bambo ake a mwanayo kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo agogo ake adakalamba nkhafi ili m'manja. Nditafunsa kalasi yonse ndidapeza kuti ambiri mwa iwo nyanja amangoimva m'kamwa mwa makolo. Chonsecho kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Nkhata Bay ndi mtunda wosakwana makilomita 50.

Ndidakambirana ndi makolo, ndipo Loweruka lina m'mwezi wa Seputembala, mphepo ya mwera itachepa, tidanyamuka titangoswali Subh. Tidali ana 12, ine, bambo mmodzi ndi amayi awiri oyang'anira atsikana.

Mzuzu ali pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nyanja yathu siifika ndi mamita 500 omwe. Choncho ulendo wonse ndi wotsetsereka, msewu uli wokhotakhota pakati pa mapiri. Tidachoka titavala majuzi, koma pofika pa Mpamba ana onse adali atavula. Amene amachita nseru m'galimoto muziwakhazika pafupi ndi zenera, ndipo asadye kwambiri ponyamuka. Izi tidaphunzira zitatichitikira.

Madzi ataonekera koyamba, phokoso lonse m'minibasi lidatha. Kamnyamata kaja kadandigwira malaya n'kunong'ona kuti, "Mwalimu, ikuthera pati?" Ndidakauza kuti nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, kuti kutsidya kwake kuli Tanzania ndi Mozambique, ndiponso kuti mbali ya kumpoto kuno ili ndi malo ena akuya pafupifupi mamita 700. Kadangoti "Subhanallah" popanda woikakamiza. Mawu amenewa ndakhala ndikuwaphunzitsa pa bolodi kwa zaka zambiri, koma tsikulo ndidamva mwana akuwatchula kuchokera pansi pa mtima.

Tidayambira pa doko. Apa ndi pamene imakocheza sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Pamalo pomwepa padagwanso zachisoni pa 3 Malichi 1959. Boma la atsamunda lidagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress n'kuwaika m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu atasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, asilikali adaombera n'kupha anthu osachepera 20. Ana athu amapuma sukulu pa 3 Malichi chaka chilichonse, koma ambiri sadziwa chifukwa chake. Ataima pamalopo adamvetsa.

Titakhala pansi pa mtengo ndidawalozera kumwera, kumene kuli Nkhotakota. Ndidawafotokozera kuti m'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika kumeneko, ndipo ngalawa zake za matanga zinkaoloka nyanja ndi katundu wopita ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Njira ya pamadzi imeneyi ndi imodzi mwa njira zimene Chisilamu chidalowera m'dziko muno. Sindidawabisire kuti m'ngalawa zomwezo munkakweranso akapolo, anthu ogwidwa m'midzi ya makolo athu. Mtsikana wina wamkulupo adafunsa kuti zidatheka bwanji munthu woswali kugulitsa mnzake. Ndidamuyankha kuti dyera la chuma siliona kuti uyu ndi wa chipembedzo chanji, ndipo tchimo silisanduka chabwino chifukwa choti wolichitayo ndi wathu. Ndi bwino mwana amve zimenezi kwa ife, kusiyana ndi kukazimva koyamba kwa womunyoza.

Nthawi ya Dhuhr itakwana tidapanga udhu ndi madzi a m'nyanja, phunziro la m'kalasi lija n'kukhala looneka ndi maso. Ku Nkhata Bay kuli mzikiti, koma ngati mwatalikira, qibla siivuta kupeza. Yang'anani kumpoto, mupendekere pang'ono chabe kum'mawa, mbali yotulukira dzuwa ikhale kudzanja lanu lamanja. Bambo amene tidali naye adaganiza kuti popeza tili pa ulendo tifupikitse swala. Koma malinga ndi madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, ulendo wololeza kufupikitsa uyenera kupitirira pang'ono makilomita 80. Ulendo wa ku Nkhata Bay sufika pamenepo, choncho tidaswali rakaa zinayi zonse.

Pa nkhani ya chakudya, nyanja ndi chifundo kwa Msilamu wa pa ulendo, chifukwa nsomba siifuna kuzinga. Tidadya batala ndi usipa, ndipo ana adalawa kondowole, nsima ya chinangwa imene abale athu Atonga amaikonda. Ena idawavuta kutema, ndipo amayi ogulitsawo adaseka nawo n'kuwaonetsa kagwiridwe kake. Tidathokoza ndi "yewo" monga achitira kuno. Chenjezo langa ndi la pa chiwaya. Musanagulire ana tchipisi, funsani ngati m'mafutamo simudakazingidwe nyama yosazingidwa kapena ya nkhumba. Kufunsa mwaulemu sikukhumudwitsa munthu.

Za kusambira zifunika maso a akulu. Gombe la ku Nkhata Bay ndi la miyala, ndipo malo ambiri madzi amazama mwadzidzidzi. Mwana wobadwira ku Mzuzu sadziwa kusambira ngakhale agogo ake adali asodzi. Ife tidapita kugombe la mchenga la Chikale, tidalamula kuti madzi asapitirire m'mawondo, ndipo anyamata ndi atsikana adasewera malo osiyana atavala modzilemekeza. Pewani malo a bango ndi a madzi odikha chifukwa cha likodzo, pewaninso mathiriro a mitsinje chifukwa cha ng'ona. Mwana asakwere bwato ngakhale mwini wake akakamize chotani.

Cholakwa changa chachikulu chidali pa nthawi. Ana adandinyengerera kuti tikhalebe pang'ono, ndipo titaswali Asr tidapeza minibasi yopanda anthu imene idatenga nthawi yaitali kuti idzaze. Tidalowa mu Mzuzu kutada, makolo ali pa msewu mitima ili m'mwamba. Mayi wina adandiuza mosabisa kuti, "Mwalimu, ana awa ndi amana m'manja mwanu." Adanena zoona ndipo ndidapepesa. Inu mukapita, pofika 3 koloko mukhale mutayamba kufuna galimoto.

Amene mungathe kulawirira, pitirirani mpaka ku Chintheche. Mudzadutsa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara, kumene ana amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu, ndipo patsogolo pake pali Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia adasamukira mu 1881 pochoka ku Cape Maclear. Ndi mbiri ya anansi athu Achikhristu, ndipo mwana woidziwa amakhala nawo mwaulemu.

Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ana anu adachita bwino kubwera kudzasaka moyo kuno kumapiri. Koma inu agogo a ku Nkhotakota, ku Salima, ku Mangochi ndi ku Makanjira, mukamalankhula nawo muziwafunsa ngati adzukulu anu adaionapo nyanja. Ndalama ya minibasi ya tsiku limodzi ingathe kusungidwa pang'onopang'ono. Kamnyamata kaja kadabwerako ndi botolo la mchenga, ndipo kakuti tchuthi chikubwerachi, Insha Allah, kakufuna kukaona bwato la agogo ake.

Allah atisunge m'maulendo athu, pamtunda ndi pamadzi. Ameen.