Ziliza za ku Mbombwe

Tili ana, manda a kwathu ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ankadziwika ndi mitengo. Pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo panali msitu wowirira, ndipo palibe ankayerekeza kutolamo nkhuni. Mitumbira inalibe maina. Agogo aakazi ankatiuza amene wagona pansi pa mtengo uliwonse, akuloza ndi chibwano, popeza manda saloza ndi chala.

Ambiri mwa ogona m'menemo anali Akhristu a PIM, mpingo wa Baptist umene John Chilembwe anayambitsa mu 1900 atabwerako ku America. Tchalitchi chake cha njerwa asilikali a atsamunda anachiphulitsa mu 1915, nkhondo yake italephera, ndipo mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso. Mbiri imeneyi tinkaimva kwa akuluakulu, motsitsa mawu. Nthawi ya Kamuzu ngwazi inali imodzi yokha.

Matipate atabwera mu 1994, dzina la Chilembwe linatuluka poyera. Tsiku la 15 Januwale linakhala la tchuthi, nkhope yake inaikidwa pa ndalama, ndipo lero ili pa K2,000. Chaka ndi chaka magalimoto a akuluakulu a boma amadzaza bwalo la mishoni, zolankhula zimatalika, madzulo fumbi n'kukhazikika. Komatu mwini tsikulo alibe mtumbira woti munthu n'kuikapo nkhata. Anamuwombera pa 3 Febuluwale 1915 cha ku Mulanje, n'kumukwirira mobisa kuti pasadzakhale poti anthu azikasonkhana.

Zaka zomwezo za matipate ndi zimene Edzi inadzaza manda athu. Adzukulu ankachoka kumanda kuno kupita kwina makasu osatsuka. Mitengo inayamba kugwa, poyamba kuti papezeke malo, kenako chifukwa cha mauvuni a njerwa ndi makala. Pamene panali mthunzi pali simenti. Ana a ku Blantyre ndi ku Joni amatumiza ndalama, mmisiri amawaka chiliza, ena mpaka matailosi, ndipo tsiku lochivundukula kumabwera abusa, kwaya, mpunga ndi nyama.

Ziliza sindizinyoza ayi. Agogo atapita anapita ndi maina ambiri, ndipo ndikanakonda akanalembedwa penapake. Chimene chimandiwawa n'chakuti simenti imasankha. Kale dikoni ndi mlimi wa ganyu ankagona mofanana, dothi la mvula zingapo n'kuwasalaza onse. Lero ukalowa kumanda umadziwiratu banja limene lili ndi mwana pantchito. Amayi ena amene anasenza madzi ndi mchenga pomanga nyumba zopempherera za mpingowu ali pansi pa kamtanda ka thabwa kodyeka ndi chiswe. Mwezi wathawu adzukulu pokumba manda atsopano anapeza mafupa pamalo amene aliyense ankati n'popanda munthu. Anafotsera, n'kusendera mapazi angapo kum'mawa.