Ng'oma ya magetsi nayo ifuna khutu la woyimba

Anyamata a m'masitudiyo a ku Balaka, ndimvereni pang'ono. Tauni yathu inatchuka ndi Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, koma lero ng'oma za m'nyimbo zambiri zikungofanana, poti aliyense akukopera mawu amodzimodzi pa intaneti.

Ine mtima wanga uli pa ng'oma za analog za mu modular synthesizer. Mmenemo mulibe mawu ojambulidwa kale. Kamphamvu ka magetsi kakagunda, magetsi a m'waya amanjenjemera, kulira kumayambira pamwamba n'kutsika msanga mpaka kuzilala. Iwe ndiye umapotokola timabatani kusankha kukula kwa liwu ndi kutalika kwa mchira wake, n'kulumikiza zingwe mmene ukufunira. Roland TR-808 ya mu 1980 inkapanganso mawu ndi magetsi chomwechi, ndipo Doepfer ya ku Germany ndiyo inayambitsa Eurorack, mtundu wa modular wofala lero.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Pitani ku Machinga nyengo ya zinamwali mukaone a manganje: amawamba ng'oma pamoto kuti ikungike, ena n'kumata phula pakati kuti ilire mozama. Amaichuna ndi khutu.

Inde, zidazi n'zodula, komabe pulogalamu ya modular ya VCV Rack ndi yaulere pa kompyuta. Yambirani pamenepo. Koma musanakhudze batani, kakhaleni kaye pansi ndi akuluakulu oyimba manganje ndi beni, mumvetsere bwino.